ZA M'THENGO: Cipolopolo caciwili ndico cimapulumutsa mlenje

Cimanga cikayamba kukhwima ku cigwa ca Luangwa, njovu ndi mvuu zimalowa m'minda, ndipo anthu amaitana anchito a Boma oyang'anila nyama. Awelengi ambili anaonapo mfuti zikulu-zikulu zimene amuna amenewa amanyamula pa nchito yotele. Sabata ino tikambe za mapangidwe ake.

Makolo athu anazolowela gogodela: kuthila wonga, kutsendela, kuombela kamodzi, kenaka kudalila miyendo. Mfuti ya mpilingidzo ndi yosiyana. Ili ndi citsulo cokhala ndi cogwilila pambali, monga cotsekela citseko. Mlenje akacikweza ndi kucikokela m'mbuyo, khoko la cipolopolo cothela limatuluka; akacikankhila kutsogolo ndi kucitsitsa, cipolopolo cina calowa ndipo mfuti yatsekeka. Pamaso pa njati yovulala, moyo wa munthu uli pa kukoka ndi kukankha kumeneku.

Mapangidwe amene alenje ambili amawakhulupilila ndi a Mauser a ku Germany, a m'caka ca 1898. Mpilingidzo wake uli ndi mano awili otsekela kutsogolo, pafupi ndi cipolopolo, ndi dzino lacitatu kumbuyo lodikila tsiku la ngozi. Koma cinsinsi ceni-ceni ndi cikhadabo cacitali cimene cimagwila cipolopolo cikangotuluka m'magazini, osacitaya mpaka khoko litaponyedwa kunja. Ngakhale munthu akoke akuthamanga, mfuti itapendekeka, cipolopolo sicigwa.

Cikhadabo cotele cimadya nchito ndi ndalama pocipanga. Mfuti ya Remington 700, imene inatuluka mu 1962, ilibe: mpilingidzo wake umangokankha cipolopolo, n'kucigwila pokhapokha utatsekeka. Mfutiyi imalasa bwino ndipo mtengo wake ndi wotsikilapo. Vuto limabwela munthu akagwidwa ndi mantha. Akakankha pang'ono, n'kubweza, n'kukankhanso, zipolopolo ziwili zimakumana pakhomo limodzi ndipo mfuti imasanduka cibonga. Kampani ya Winchester inacotsa cikhadabo pa Model 70 mu 1964 pofuna kucepetsa ndalama. Alenje anadandaula kwa zaka zambili mpaka inacibwezela. Ife tikuona kuti pa mphala ndi nguluwe kusiyanaku n'kocepa, koma pa nyama imene imabwezela, cikhadabo ncofunika.

Palinso Lee-Enfield ya .303, imene asilikali athu a Northern Rhodesia Regiment ananyamula pa Nkhondo Yaciwili ya dziko lonse. Mano ake ali kumbuyo, motelo mpilingidzo suyenda mtunda wautali. Imakokeka msanga ndipo imalowa zipolopolo 10. Koma mano akumbuyo sanapangidwile zipolopolo zamphamvu monga .375 H&H, cimene a Holland & Holland a ku London anatulutsa mu 1912 ndipo mpaka lelo cimachuka pa njati ndi njovu.

Za kulemela nazo zili ndi mbali ziwili. Mfuti yopepuka imakoma poyenda nayo pa dzuwa la Okutobala, koma poombela imamenya phewa ngati bulu. Munthu amene anamenyedwapo amayamba kutsinzina asanakoke, ndipo wotsinzina amavulaza nyama m'malo moipha. Nyama yovulalayo ndiyo imakapeza mai ali ku mtsinje. N'cifukwa cake mfuti za .375 zimalemela makilogalamu 4 kapena kupitililapo pang'ono. Kulemelako kumameza mbali ya mphamvu imene ikanagwela pa phewa.

Tsono inu amene muli ndi ziphaso za mfuti ndi za kusaka, musakopeke ndi thabwa lonyezimila. Pitani pamalo opanda anthu, lozetsani mpope ku culu, cala cikhale kutali ndi coombela. Dzazani magazini, ndipo kokani ndi kukankha mwamsanga mpaka zonse zitatuluka. Cipolopolo cimodzi cikakakamila, mfutiyo ipite kwa mmisili isanalowe m'thengo.