Tayala lako lakutha si la Hamilton, aise

Sabata yatha mnzanga wina anandipatsa lifiti. Potsika ndinayang'ana matayala a kutsogolo: osalala ngati chipumi cha mwana, mizere yonse inapita kalekale. Nditamufunsa, iye n'kuseka. Akuti: "Iwe umaonera Formula 1 daily, sukuona kuti nawonso amayendera matayala opanda mizere? Ndiye amagwira bwino amenewo."

Mxii. Bodza limeneli ndalimva kokwanira, ndipo chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti lili ndi kachoonadi pang'ono mkati mwake.

Inde, kukakhala kouma magalimoto a F1 amavala ma slick, matayala osalala. Mizere ikachoka, labala yambiri imakhudza phula. Koma kusalalako pakokha si kumene kumagwira msewu. Chinsinsi ndi labalayo. Ya Pirelli, kampani imene yakhala ikupereka yokha matayala a F1 kuyambira 2011, ndi yofewa, ndipo ikatentha kufika cha m'ma 100°C imamata ngati chingamu, n'kumalowa m'timaenje ta phula. N'chifukwa chake amaifunditsa mabulangete amagetsi galimoto isanatuluke, n'chifukwa chakenso madalaivala amakhotakhota akamatsatira safety car, kuopa kuti ingazizire. Pamwamba pa apo pali mapiko, amene amagwiritsa ntchito mphepo kukanikizira galimoto pansi. Ndipo tayala lotereli kawirikawiri silimaliza n'komwe mpikisano wa makilomita 305, amalivula pakati panjira.

Lako lija, aise? Labala youma ya zaka kaya zingati, yopsa ndi dzuwa, yotsala pang'ono kuonetsa waya. Mapiko ulibe. Chimene walanda kwa Hamilton ndi dazi lokha basi.

Ndiye tiyeni tikambe za mvula, poti m'pamene nkhaniyi imathera. Pa 26 September 2021 ku Sochi, Russia, Lando Norris wa McLaren ankatsogola, kutatsala pang'ono kuti apambane koyamba m'moyo wake. Kenako kunayamba kuwaza. A timu yake anamufunsa za kusintha matayala, mnyamata anakana, anafuna kumalizira ma slick omwewo. Lewis Hamilton, amene anali kumbuyo kwake, nayenso anayamba wakana, koma kenako anamvera a Mercedes n'kukavala a mizere. Mvula inakula. Tinamuona Norris, mmodzi mwa akatswiri oyendetsa pa dziko lonse, akuterereka pa kona ngati mwana pa matope a kudambo, chiwongolero chili m'manja koma galimoto osamva. Anamaliza wa nambala 7. Hamilton anapambana, kachi 100. (Ine ndinali wa Norris tsiku limenelo, ndipo mpaka pano zimandiwawabe.)

Injini yake sinafooke, luso lake silinathawe. Madzi analowa pakati pa labala ndi phula, ndipo tayala losalala linalibe kowapititsa. Mizere ija ndi ngalande. A Pirelli amati tayala lawo limodzi la mvula yambiri limatha kutaya malita 85 a madzi pa sekondi galimoto ikamathamanga makilomita 300 pa ola. Ngalandezo zikasowa, galimoto imakwera pamwamba pa madzi, ndiye ponda buleki mmene ungathere, palibe chimene ikugwira.

Ena amvekere: "Koma ine sindithamanga ngati iwowo." Zoona, ndipo zimathandiza ndithu. Komatu Norris ataterereka anali ndi malo otakata othawira, chipewa cholimba, ndi amakaniko omudikira ndi matayala ena anayi. Iweyo ukaterereka, m'mbali mwako muli mayi wogulitsa tomato, wakabaza ndi ana ochokera kusukulu. Galimoto yonseyo, ndi katundu ndi apongozi omwe uwanyamule, imakhudza msewu pa timalo tinayi tokula ngati chikhatho.

Mnzanga uja mwezi womwewo anagula masipika atsopano. Ndamuuza kuti mvula ikayamba, ine ndidzayenda wapansi.