Tsabola wakale ameneyu akuwawabe

Akulu anati tsabola wakale sawawa. Mwambiwu ndinaumva sabata yatha pa Mandimba, abale akudzudzula nawo mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu wakhala akusunga ndalama zaka zitatu, ndipo mtima wake wagwa pa Toyota Altezza ina imene mwini wake waiimika pansi pa mtengo wa mango ku Cuamba, ikudikira wogula. Ena akuti agule Probox azinyamulira matumba a soya. Ena akuti njinga zamoto ziwiri, alembe anyamata a kabaza. Iye anangotembenukira kwa ine nati, "Malume, inu mukuti bwanji?"

Ine ndikuti agule. Koma ayambe wandimvera mpaka kumapeto.

Altezza si galimoto wamba. Kampani ya Toyota inayamba kuipanga mu 1998, ndipo chaka chomwecho inasankhidwa kukhala galimoto yopambana zonse ku Japan. Ku Ulaya ankaigulitsa ndi dzina la Lexus IS200, anthu olemera ndi amene ankakwera. Mphamvu ya injini imapita ku matayala akumbuyo, monga zimakhalira ndi galimoto zampikisano, ndipo aliyense amene anagwirapo chiwongolero chake pa phula losalala amadziwa mmene imamverera pokhota. Yotsiriza inatuluka m'fakitale mu 2005. Lero anthu aitaya kumbuyo, maso ali pa Vitz ndi Ractis zosamwa mafuta, choncho mtengo wake wagwa. Wagwa chifukwa cha kusintha kwa zokonda za anthu, osati chifukwa chitsulo chavunda.

Chimene chikundilimbitsa mtima kwambiri ndi ubale wake. Altezza ya mtundu wa AS200 ili ndi injini yotchedwa 1G-FE, ya masilinda 6, yomwenso ili mu Mark II, Chaser ndi Cresta. Galimoto zimenezi zinadzaza misewu ya Malawi ndi Mozambique kwa zaka zambiri, ndipo makaniko wachikulire wa pa Cuamba injini imeneyi anaimasulapo, amaidziwa kulira kwake. Chitsulo chikathyoka, munthu atha kudumpha malire pa Chiponde kukafufuza ku Mangochi kapena ku Limbe, apo ayi kuitanitsa ku Nampula. Galimoto yakale ili ngati mkamwini: amakhala bwino pamudzi ngati ali ndi abale pafupi oti n'kumuonera akadwala. Ya mtundu wa RS200, ya injini ya 3S-GE, ndiyo yaliwiro koposa, koma abale ake ndi ochepa kuno. Mphwanga asankhe yoyambayo.

Ndikunena izi chifukwa pali ina imene imakopa anyamata pa intaneti, Mazda RX-8. Thupi lake ndi lokongola zedi, mtengo wake wotsika modabwitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Injini yake ilibe mapisitoni, imazungulira mwa njira yakeyake, imadya oyilo mwachibadwa, ndipo ikatopa imafuna mmisiri amene anaphunzira injini yokhayo. Kodi mmisiri ameneyo mukamupeza kuti pakati pa Mandimba ndi Massangulo? Idzakhala chogona cha nkhuku pabwalo.

Tsono walira mvula walira matope. Msewu wa N13 wochoka ku Cuamba kudzera pa Mandimba ndi Ngauma mpaka ku Lichinga tsopano uli ndi phula, ndipo mtunda wa makilomita pafupifupi 150 wa pakati pa Cuamba ndi Mandimba, umene kale unkatha tsiku m'nyengo yamvula, lero ndi ulendo wa maola ochepa. Pamenepo Altezza ili kwawo. Koma kumudzi kwathu si pa N13. Mukangopatuka, mwalowa m'fumbi, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi fumbilo ndi matope ndi zigwembe. Galimotoyi ndi yofupika, mimba yake imakhula pansi, ndipo matayala akumbuyo amaterereka m'thope. Mphwanga avomereze kuti miyezi ina adzaisiya pa boma n'kukwera njinga kukaona mayi ake. Avomerezenso kuti masilinda 6 amamwa petulo. Amene wagula galimoto yotere ndi ndalama zake zonse, osasiyako ya mashoko, matayala ndi lamba wa injini, wagula maliro.

Ndipo safunsa anadya phula. Ife okhala pamalire timadziwa kuti galimoto zina zimalowa mosadziwika bwino. Asanapereke metikali ngakhale imodzi, aone livrete, lomwe ndi buku la galimotoyo, ndi chikalata cha umwini, ayerekeze nambala ya pa chesesi ndi ya papepala, atsimikize kuti msonkho wa pachipata unalipidwa. Apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa. Aiimitse pa dzenje aone dzimbiri, ailize m'mawa injini ikadali yozizira, aone mtundu wa utsi.

Kwa abale amene akuti galimoto yosabweretsa ndalama ndi uchitsiru, ndikukumvani, ndipo mantha anu ndi achikondi. Tinakula m'nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, pamene ambiri a ife tinathawira ku Malawi titasenza mphasa ndi miphika yokha, ndipo tinaphunzira kuti chilichonse m'nyumba chiyenera kudyetsa pakamwa. Koma mnyamatayu ana ake ali pasukulu, nyumba anafolera malata, alibe ngongole kwa munthu. Zikanakhala kuti fizi yatsalira, ndikanayamba ine kumuletsa. Munthu amene wakwaniritsa udindo wake ali ndi ufulu wokonda chinthu chifukwa choti ndi chokongola ndiponso chinapangidwa mwaluso. Makolo athu ankasema mipini ndi kuluka nsengwa mokometsera, ngakhale yosakometsera ikanagwira ntchito yomweyo.

Mantha anga enieni ali pa phazi lake lakumanja. Phula la N13 limadutsa m'misika, pafupi ndi masukulu, pakati pa amayi osenza nkhuni ndi njinga zolemedwa ndi makala. Mbiri ya Altezza anaiipitsa ndi anyamata othamanga, osati amene anaipanga.

Mphwanga, pita ku Cuamba ndi makaniko wako, ndipo mapepala akakhala oona, igule. Koma ukamalowa pamsika wa Mandimba kapena pa Massangulo, chotsa phazi pamoto. Ana amene akuwoloka msewuwo ndi athu.