Zipolopolo zoletsedwa pankhondo zisamapangidwire kunyumba

Ku America kuli anthu omwe amadzipangira zipolopolo za mfuti zazing'ono kunyumba, ndipo ena amaziboola kunsonga kuti zizitambasuka zikalowa m'thupi. Iwo amati chipolopolo chotere sichipyola n'kukalasa munthu wosalakwa.

Mfundoyi ndi yomveka, koma bala lake limakhala lalikulu moti mu 1899 mayiko ambiri omwe adakumana ku The Hague adagwirizana zoletsa zipolopolozi pankhondo. Dziko la America silidasaine nawo.

Chinthu chomwe mayiko adachiona kuti n'chankhanza ngakhale kwa mdani sichiyenera kupangidwira m'nyumba momwe muli ana. Komanso chipolopolo chobooledwa mwachisawawa chingasiye chikuto chake mumpope, mfuti n'kuphulikira mwini wake powombanso. Paja akuluakulu adati choipa chitsata mwini.