Pulani ya pakompyuta: mphunzitsi adziwa bwanji mwini luso?

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwambiwu ndi umene ukubwera m'maganizo pamene sukulu zophunzitsa ntchito zamanja zikulowa m'nyengo yojambula mapulani a nyumba, mipando ndi zitsulo za makina pakompyuta. Wophunzira akapereka pulani yosalala, yopanda chofufuta, mphunzitsi adziwa bwanji kuti luso ndi lake?

Funsoli likukhudza kholo lililonse limene lagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti mwana akaphunzire ku makoleji monga Soche, Nasawa, Salima, Namitete ndi Livingstonia, kapena kusukulu yaukachenjede ya MUBAS ku Blantyre. Satifiketi ikapanda kunena zoona, mwanayo amakagwidwa tsiku loyamba pantchito.

Kwa zaka zambiri phunziro la Technical Drawing lakhala likuyesedwa ndi pensulo, rula ndi kampasi. Pamenepo dzanja la wophunzira silibisika: mzere wokhota umaoneka, muyeso wolakwika umaonekanso. Koma pulogalamu monga AutoCAD, imene kampani ya Autodesk ya ku America idatulutsa mu 1982, imawongola yokha mizere. Waluso ndi wongoyerekeza onse amatulutsa pepala looneka bwino.

Vuto lina ndi kubera. Pulani ya papepala munthu amataya maola poikopera, pomwe ya pakompyuta imasamuka pa fulashi m'kuphethira kwa diso, n'kungosintha dzina. Dziko lino likudziwa kuwawa kwa kubera. Mu November 2020 boma lidayimitsa mayeso a MSCE atabedwa, ndipo ophunzira adalembanso mu January 2021.

N'chifukwa chake kuyesa kwabwino kumayang'ana mmene pulani yamangidwira. Mwachitsanzo, woyesa angauze wophunzira kuti akulitse chitseko kuchoka pa masentimita 80 kufika pa 90, iye akuona. Amene adajambula yekha, n'kulumikiza bwino miyeso, amasintha nambala imodzi ndipo khoma limatsatira. Amene adakopera amayamba kutuluka thukuta. Woyesa angaonenso ngati makoma, mawaya amagetsi ndi mapaipi amadzi zidaikidwa m'magawo osiyana, komanso ngati mmisiri angamange nyumba pogwiritsa ntchito pepalalo popanda kufunsa mafunso.

Maiko ena adapeza njira yogawa malikisi. Ku South Africa, phunziro la Engineering Graphics and Design m'kalasi yomaliza ya sekondale limapereka malikisi 50 pa 100 pa mayeso omaliza, 25 pa ntchito ya m'kalasi, ndi 25 pa ntchito yapadera imene wophunzira amaikonza pang'onopang'ono chaka chonse. Ku England, phunziro la Design and Technology lidakonzedwanso mu 2017, ndipo theka la malikisi limachokera pa ntchito yotereyi. Phindu lake ndi lakuti mphunzitsi amaona ulendo wonse, kuyambira pa chojambula chapamanja mpaka pa chomaliza.

Komabe kuno kumudzi nkhani ya magetsi singazembedwe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira magetsi. Mwana wa pasukulu yoyendera yopanda kompyuta sangapikisane ndi mnzake wa mumzinda amene amagona ndi laputopu. Ndipo magetsi akathima pakati pa mayeso, ntchito imene sidasungidwe imapita yonse.

Mtengo wa mapulogalamu nawo umaopseza, ngakhale alipo aulere monga FreeCAD ndi LibreCAD. Mayeso akamafunsa luso lenileni, osati mabatani a pulogalamu ya kampani imodzi, sukulu yosauka ingathe kulowa nawo m'bwalo.

Mabungwe a MANEB, limene limayendetsa mayeso a m'sukulu, ndi TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndiwo agwira mpeni pankhaniyi. Pensulo isatayidwe msanga, chifukwa ndiyo ikupereka mwayi wofanana kwa ana onse. Koma kumene makompyuta alipo, malikisi apite pa zimene wophunzira angachite woyesa akuona.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Asanalipire fizi pasukulu yophunzitsa kujambula mapulani, afunse kuti kompyuta imodzi amagawana ana angati, ndipo mayeso amalemba pamaso pa yani. Mwana akabwera ndi pulani kunyumba, amupemphe afotokoze kutalika kwa khoma lililonse ndi chifukwa chake. Wojambula yekha sasowa poyambira.