Alamu ananyamula ufa mpaka ku Guangzhou

Mu Okutobala, tsiku la Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, ndinaima pafupi ndi mayi wina amene ankagulitsa kalongonda m'beseni. Panafika kamnyamata ka m'tauni, magalasi akuda kumaso, foni m'manja, n'kusuzumira m'besenimo. Kanakwinya mphuno. "Ndiye anthu amadyadi zimenezi? Si zija amati zimapengetsa?" Mayiwo sanakwiye. Anatapa pang'ono kuti kalawe. Kanakana, kanajambula chithunzi, n'kumapita kumene kunkalira ng'oma za tchopa.

Alamu anga anali pambali panga ndipo anatsonya mokweza. "Ana a masiku ano! Chakudya sunachilawe n'komwe wayamba kale kuchinyoza." Ine ndinangowayang'ana. Anadziwa chimene ndinkaganiza, chifukwa miyezi iwiri yokha m'mbuyomo tinali limodzi ku Guangzhou m'dziko la China, ndipo mphuno imene inkakwinyika kumeneko inali yawo. Andilola kuti ndilembe nkhaniyi, bola ndisatchule dzina.

Alamuwa anabadwira pa Chonde pomwepa, koma ali ndi shopu ya nsapato ndi zikwama ku Limbe. Anayamba ndi kukaoda ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Malawi atathetsa ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007, amalonda athu ambiri anayamba kulunjika ku Guangzhou, ndipo patapita zaka iwonso anatsatira. Ulendo umene ndinawaperekezawu unali wachisanu ndi chimodzi. Tili m'ndege kuchokera ku Addis Ababa ndinawafunsa kuti, "Alamu, pa maulendo asanu onsewa mwaonako chiyani?" Anawerenga ndi zala: bwalo la ndege la Baiyun, hotela ya ku Xiaobei, misika ya ku Sanyuanli, ndi nyumba imene amakasiyako katundu woti akwere sitima ya pamadzi. Basi. Nanga kudya? Anandilozera sutikesi m'maganizo: makilogalamu 5 a ufa woyera, ndi kapoto kamagetsi kophikira mpunga kamene iwo amaphikiramo nsima. Ndiwo ndi mazira ndi tomato. Akatopa nazo amapita m'makhitchini a anthu a ku Africa amene ali m'dera la Xiaobei, kumene mbale ya ugali kapena fufu inkatidya ndalama pafupifupi katatu poyerekeza ndi chakudya cha eni dziko.

Musathamangire kuwaseka. Zifukwa zawo n'zomveka. Madola amapezeka movutikira kwathu kuno, ndiye munthu amene wawasonkhanitsa kwa miyezi safuna kuti atsegule m'mimba n'kutaya masiku awiri ali chigonere pamene viza ikutha. Chachiwiri ndi nkhumba. Anthu a ku Guangdong, chigawo chimene muli Guangzhou, amaika nkhumba m'zakudya zambiri, ngakhale mu msuzi wooneka ngati wa masamba okha, ndipo kwa Msilamu kapena wa Seventh Day imeneyi si nkhani yoseketsa. Chachitatu n'chowawa. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, anthu akuda ambiri mumzindawu anatulutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela, ena mpaka kugona panja, moti akazembe a mayiko a mu Africa ku Beijing analemba kalata yodandaula. Amalonda athu sanaiwale. Ngakhale ifeyo, kangapo konse m'sitima ya pansi pa nthaka mpando wa pambali panga unkakhala wopanda munthu pamene ena aima, ndipo gogo wina anatijambula osapempha, ndendende mmene kamnyamata kaja kanajambulira kalongonda. Munthu amene akuyang'anidwa choncho amafuna kuthawira m'chipinda n'kudya chimene amachidziwa.

Komabe ine ndikuti alamu ankaluza, ndipo zinaonekera tsiku lachitatu.

Mayi wina wa ku China amene amawagulitsa zikwama anatiitana kukamwa tiyi wa m'mawa. Kumeneko amati yum cha, kutanthauza kumwa tiyi. Alamu anandinong'oneza kuti mayiyu wakhala akuwaitana chaka ndi chaka ndipo iwo amangonamizira mutu. Ndinawafunsa kuti, kodi munthu atabwera kwanu pa Chonde kasanu, inu n'kumamuphikira, iye n'kumakana kusamba m'manja, mungamukongoze katundu? Anakhala chete, kenaka anavala nsapato.

Malowo anali holo yaikulu ngati ya ukwati, yodzaza ndi agogo, phokoso ngati pamsika. Chinthu choyamba chinatidabwitsa. Mayi uja anathira tiyi wotentha m'mbale, n'kutsukiramo makapu, timbale ndi timitengo todyera tija, n'kutayira madziwo m'kabeseni. Alamu anagwedeza mutu movomereza, ukhondo umenewu anaukonda. Tinaphunzira kuti wina akakuthirira tiyi sumachita kunena zikomo, umangogogoda patebulo ndi zala ziwiri. Tiyi akatha mumatsegula chivundikiro cha tipoti n'kuchisiya chopendekeka, woperekera amadziwa yekha kuti awonjezere madzi. Ndipo timitengo tija osatizika chilili mumpunga, chifukwa zimafanana ndi lubani amene amayatsira akufa.

Kenaka kunayamba kubwera timadengu tansungwi totuluka nthunzi. Alamu anali atapinda manja pachifuwa. Atavundukula kadengu kachitatu ndinangomva, "Aaa! Zipalapasiro!"

Zinalidi zipalapasiro, mapazi a nkhuku omwe aja timagula pa chiwaya ndi m'misika, koma ophikidwa mpaka kufewa, mu msuzi wofiirira wotsekemera pang'ono. Eni ake amazitcha zikhadabo za mbalame ya m'nthano zawo, ndipo n'chakudya cholemekezeka, choti ungapatse mlendo. Alamu anasiya timitengo n'kugwira ndi manja, ndipo palibe amene anawadabwa. Kunabwera phala la mpunga lothira nsomba ndi jinja, lofanana ndi limene timaphikira wodwala, kungoti lamchere. Kunabwera masamba obiriwira okazinga ndi adyo, alamu n'kulawa, n'kundiyang'ana: "Alamu, kholowa uyu." Analidi kholowa. Tsiku lina tinapezanso bonongwe, wofiira pakati, mu msuzi. Nkhunda yootcha ndi ndiwo yapamwamba kumeneko. Mbatata yootcha imagulitsidwa m'misewu, mtedza wowiritsa ulipo, nzimbe amazifinya pamakina n'kukupatsa madzi ake m'kapu. Chimene chinawagonjetsa alamu ndi chinkhupule. Ife timadikira chikhwime, chiume, tizikhulira m'thupi posamba. Iwo amachithyola chili chanthete n'kuchiphika ngati mphonda. Alamu anaseka mpaka misozi, ati zaka zonsezi akhala akusambira ndiwo.

Ndiye panabuka nkhani. Mayi uja, kudzera pa foni yomasulira mawu, anatiuza kuti anthu a kumpoto kwa China amawaseka iwo a ku Guangdong kuti amadya chilichonse choyenda, chokwawa ndi chouluka. Msuzi wa njoka unalidi chakudya chodziwika cha m'nyengo yozizira kumeneko, boma lisanaletse kudya nyama zakutchire mu Febuluwale 2020. Alamu anasiya kutafuna. Mlomwe aliyense amene anapitako kusukulu ya kutali ndi kwawo amaidziwa nyimbo imeneyi: inu odya njoka, inu a kalongonda. Ena mpaka ankabisa mtundu wawo, n'kusiya ndi chiyankhulo chomwe. Chimodzi mwa zimene Mulhako wachita chiyambire nthawi ya Bingu wa Mutharika n'choti kalongonda anatuluka kuseri kwa nyumba n'kukhala pa bwalo. Alamu anayamba kumufotokozera mayi uja kaphikidwe kake: kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kusenda makoko, kuwiritsanso, chifukwa ukaphika mwachidule amazunguza mutu. Foni inkamasulira zokhotakhota, koma mayiyo anamva mfundo yake. Anati chakudya chofuna tsiku lathunthu ndi chakudya cha anthu odziwa kuphika, ndipo akufuna adzalawe.

Za tiyi ndiye zinandichititsa manyazi ine. Tonse awiri tinakulira pafupi ndi minda ya tiyi. Ku Mulanje tiyi anayamba kulimidwa mu 1891, Henry Brown atabzala pa Lauderdale, ndipo palibe banja la kuno limene lilibe wachibale amene anathyolako tiyi pa esiteti. Koma tikamamwa timathira shuga masupuni atatu ndi mkaka mpaka osamvanso kuti tsambalo limakoma bwanji. Kumeneko, kwawo kwa chomerachi, amakufunsa mtundu wa tiyi amene ukufuna musanaitanitse chakudya, ndipo amamwa wopanda shuga, wopanda mkaka, m'timakapu tating'ono, masamba athunthu akutambasuka m'tipoti. Alamu anapempha shuga. Woperekera anawayang'ana ngati apempha mchere wothira mu thobwa. Mawu akuti cha nawonso sanali achilendo m'khutu mwathu. Mukangowoloka pa Muloza kulowa ku Milange, tiyi amamutcha chá, chifukwa Apwitikizi anatenga mawuwa ku China komweko, kumene anakhala zaka mazana ku Macau, kufupi ndi Guangzhou.

Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana kuti ntchito izitha 4 koloko, madzulo tiziyenda. Paki ya Yuexiu ili pafupi kwambiri ndi Xiaobei, kulowa n'kwaulere, koma alamu anali asanapondemo. Muli chiboliboli cha mbuzi zisanu chimene ndi chizindikiro cha mzindawu, koma ine chimene chinandigwira mtima ndi agogo aakazi ovina m'magulu ndi wailesi yawo, ena akuimba, ena akusewera makhadi pansi pa mitengo. Palibe mdzukulu kumsana. Alamu anaima nthawi yaitali osayankhula, kenaka anati, "Amayi anga sanapumepo chonchi."

Phiri la Baiyun, limene eni ake amalinyadira, nsonga yake ndi mamita 382. Munthu amene amadzuka m'mawa uliwonse n'kuona phiri la Mulanje, limene Sapitwa wake ndi mamita 3,002, amavutika kuti asaseke. Koma muone mmene alisamalira: masitepe, mipando, zimbudzi zaukhondo, ngolo zoyenda pa chingwe zokweza okalamba. Ife phiri tili nalo lenileni, mikungudza yake tinaimaliza ndi macheka. Nsanja ya Canton Tower, imene inatsegulidwa mu 2010 ndipo imafika mamita 600, sitinakwere. Mtengo wa tikiti alamu anauwerengera mu nsapato n'kukana. Tinaionera kutsidya kwa mtsinje wa Pearl usiku ikusinthasintha mitundu, osalipira kanthu. Lamulungu tinapita ku tchalitchi cha Katolika cha Sacred Heart, chomangidwa ndi miyala yokhayokha ndipo chinatha mu 1888. Pa Misa ya Chingelezi ya masana mumadzaza anthu a ku Africa. Asilamu ali ndi mzikiti wa Huaisheng, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri m'dziko lonselo.

Kwa amene mukukonza ulendo, zingapo zoti musavutike nazo. Ngati simudya nkhumba, funani malo odyera a Asilamu a ku China, amene amakonda kukhala ndi zikwangwani zobiriwira ndipo ndi ambiri ku Xiaobei. Amaphika nyama ya ng'ombe ndi ya nkhosa, ndipo ma noodles amawakoka ndi manja inu mukuona. Pemphaninso wina akulembereni m'Chitchaina pa pepala kuti simudya nkhumba, muzingoonetsa. Pafupifupi aliyense amalipira ndi foni kudzera pa WeChat kapena Alipay, ndipo WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira pa intaneti ya kumeneko, ndiye gwirizanani ndi a kunyumba musananyamuke, asaganize kuti mwasowa. Iwo ali patsogolo ndi maola 6. Sitima ya pansi pa nthaka imayambira ma yuan 2 ndipo masiteshoni analembedwanso m'zilembo zimene timatha kuwerenga. Ndipo ngati simukupitira chionetsero cha malonda cha Canton Fair, pewani Epulo ndi Okutobala, mahotela amakwera mtengo.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinandikomera. Kuli mazira a bakha amene amawasunga mpaka kuda bii ngati phula. Ndinaluma kamodzi, ndinameza chifukwa cha ulemu, sindinabwerezenso. Chipatso cha durian fungo lake linandithamangitsa ndisanachione n'komwe. Ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri, ine amene ndinkawaseka alamu za ufa, ndinagogoda pa chitseko chawo 9 koloko usiku. Sanandifunse kanthu. Anangolumikiza kapoto kaja kumagetsi. Ndiwo tinakagula pansi pa hotela, kholowa wa adyo ndi zipalapasiro, n'kudya titakhala pansi, nyuzipepala ya Chitchaina ili m'malo mwa mphasa.

Mayi wa zikwama uja anawalola alamu kutenga makatoni awiri oti adzalipire katundu akafika ku Limbe, chinthu chimene sichinachitikepo pa maulendo asanu aja. Iwo amati n'chifukwa choti ndi kasitomala wakale. Mwina.

Akubwereranso mu Malichi. Pamene tinkachoka pa Chonde tsiku la Mulhako lija anandituma kuti ndikawagulire tiyi wabwino wa ku Mulanje woti akapatse mnzawoyo, wamasamba, osati wafumbi. Kalongonda akuti akaganizabe mmene angamunyamulire. Ufa ndiye akunyamulabe, koma akuti ulendo uno makilogalamu 2 akwana.