Njinga yamoto siifa mwadzidzidzi

Lachiwiri lapitali, dzuwa likuswa mtengo, mnyamata wina wakabaza anafika pagalaja panga akukankha njinga yamoto, thukuta lili kamukamu. Asanapereke n'komwe moni anati: "Madala, njingayi yangozima yokha. Dzulo inali bwinobwino." Nditasolola kandodo koyezera oilo ndinapeza kouma, kunsonga kokha ndiko kunali kamatope kakuda bii. Nditamufunsa kuti oilo anasintha liti, anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Abwana anati tidikire kaye mwezi uthe." Injini inali itanoka. Ndalama imene abwanawo ankapulumutsa pa lita imodzi ya oilo tsopano aichulukitsa kangapo pogula pisitoni, maringi ndi zina zam'kati, ndipo mnyamatayo akhala masiku osagwira ntchito.

Mawu akuti "yangozima yokha" ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse, ndipo lero ndikufuna ndiwatsutse poyera. Njinga siifa mwadzidzidzi. Imayamba yadandaula kwa masiku, mwina masabata: kulira kumasintha, utsi umasintha mtundu, mphamvu zimachepa pachitunda. Vuto n'lakuti amene waikwera amaona ngati kuima ola limodzi pagalaja n'kutaya makasitomala, pomwe mwini wake amangowerenga ndalama ya tsikulo. Mapeto ake njinga imadzaima yokha, ndipo nthawi zina imaima itagwetsa mayi ndi mwana kumbuyo.

Tiyambe ndi oilo. Njinga zambiri za kabaza, za 125cc ndi 150cc, zimamwa oilo pafupifupi lita imodzi basi. Injini zake zimazizira ndi mphepo, ndiye oilo yemweyo ndi amene amanyamula kutentha, kufewetsa zitsulo komanso kusambitsa kilatchi. M'misewu yathu yafumbi, ine ndimalangiza kusintha oilo pakatha makilomita 1,000 mpaka 1,500. Ngati mumayenda makilomita 100 patsiku, ndiye kuti pakatha masabata awiri nthawi yakwana, osati kudikira mwezi uthe. Gulani oilo wa njinga wolembedwa 4T, monga wa 20W-50. Oilo wina wa galimoto amachititsa kuti kilatchi iziterera, injini n'kumangolira koma njinga osathamanga. Ndipo oilo wotsala m'galimoto amene ena amagulitsa m'mabotolo, chonde musiyeni. M'mawa uliwonse musanalize njinga, iimikeni chilili pamalo osapendekeka, muone kuti oilo ali pati. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Chachiwiri ndi mpweya. Anyamata ena fyuluta ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi amangoichotsa n'kuitaya, akuti njinga imathamanga bwino ikamapuma momasuka. Achimwene, fumbi la m'chilimwe likalowa mu injini limapala silinda ngati sandipepa. Pakatha miyezi ingapo njinga imayamba kutulutsa utsi wobiriwira motuwa, kusonyeza kuti ikuwotcha oilo chifukwa maringi atha. Fyuluta ya siponji imachapidwa, kuumitsidwa n'kupakidwa tioilo pang'ono. Ya pepala siichapidwa, ikada imasinthidwa.

Njinga ikakana kulira, musathamangire kumasula chilichonse. Injini imafuna zinthu zitatu: mafuta, moto ndi mpweya wopanikizika bwino mu silinda. Yambani ndi zosafuna sipanala. Kodi kampopi ka petulo kali pa ON? Mwina mafuta atsika, kayikeni pa RES. Kodi kaswitchi kozimitsira injini pachigwiriro sikanagundidwe? Musaseke, ndalandirapo njinga zokankhidwa mtunda wautali chifukwa cha kaswitchi kameneka. Zikakhala bwino, masulani pulagi, ibwezereni pachipewa chake, muigunditse pachitsulo cha injini n'kumenya kiki. Moto wabwino umathetheka mowala mobiriwira. Ukasowa, yesani pulagi ina musanaganize za koyilo kapena CDI.

Pulagi yomweyo imakuuzani za umoyo wa injini. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zinthu zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, injini ikumwa petulo wambiri kapena fyuluta yatsekeka. Ikakhala yakuda monyowa ndi oilo, maringi akutha. Ikayera mbee, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha kwambiri. Kampata ka kunsonga kwa pulagi pa njinga zambiri zotere kamayenera kukhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Kiki ikamatsika mopepuka ngati mulibe kanthu, ndiye kuti mpweya ukuthawa mu silinda, mwina mavavu athina kapena maringi atha. Pamenepo pitani kwa makaniko.

Palinso nkhani ya petulo wa m'zigubu. Nthawi zonse mafuta akasowa m'dziko muno, mizere n'kutalika pamalo omwetsera, ife amakaniko timadziwiratu kuti kukubwera njinga zotsokomola. Sindikuweruza wakabaza wogula kwa mavenda, chifukwa kugona pamzere ndi kugonetsa ana ndi njala. Koma dziwani kuti petulo wina amakhala ndi madzi, zinyalala, mwinanso wosakaniza ndi palafini. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakakhala pansi pa kabureta. Njinga ikayamba kudukiza mukangothira mafuta otere, tsekani kampopi, masulani kasikuluu ka pansi pa kabureta, mutayire m'kabotolo koonekera, ndipo madziwo muwaona atakhala pansi. Kafyuluta kakang'ono ka papaipi ya petulo n'kotchipa, koma kamapulumutsa zambiri.

Zonse ndanenazi zikalakwika, mumaluza ndalama. Koma pali zitatu zimene zikalakwika mumaluza mwendo kapena moyo: tcheni, matayala ndi mabuleki. Tcheni chiziyenda m'mwamba ndi pansi masentimita awiri kapena atatu mukachikankha ndi chala pakati. Chikakhwepa kwambiri chimavuka n'kutseka tayala lakumbuyo njinga ili paliwiro. Chikathina kwambiri chimadya masipuloketi ndi mabeyaring'i. Mano a sipuloketi akasongoka ngati minga, sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri pamodzi, chifukwa tcheni chatsopano pamano akale sichikhalitsa. Tayala losalala ngati mutu wadazi lingakupusitseni m'chilimwe, koma mvula yoyamba ikagwa pa tala limakuperekani.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi buleki yakutsogolo. Njinga zambiri zimene zimafika pagalaja panga zimabwera waya wake utaduka kalekale, ena amachita kuumasula dala, akuti buleki yakutsogolo imagwetsa. Zoona zake n'zakuti njinga ikamaima, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, ndipo buleki yakutsogolo ndi imene imagwira ntchito yaikulu yoimitsa. Chogwetsa munthu ndi kuifinya mwadzidzidzi pakona kapena pamchenga. Mankhwala ake ndi kuphunzira kugwira mabuleki onse awiri pang'onopang'ono, osati kuchotsa imodzi. Taganizani njinga yanyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga, ikutsetsereka, mwana wasukulu n'kudutsa kutsogolo, inu mukudalira buleki yakumbuyo yokha.

Tsono mlanduwu si wa anyamata okhawo. Inu abwana eni njinga, amene mumalandira ndalama yanu madzulo aliwonse, mwaikapo zingati pambali za sevisi? Mukamukakamiza mnyamata kubweretsa ndalama yonse tsiku lililonse, njinga idwale isadwale, mukumuphunzitsa kubisa matenda ake. Patulani kangachepe patsiku ka oilo, mabuleki ndi matayala, mugwirizane tsiku la sevisi, ndipo tsikulo musamudule. Njingayo ndi yanu, ikanoka woluza kwambiri ndi inuyo.

Nafenso amakaniko tisadziyeretse. Alipo anzathu amene amamanga ndi waya pofunika bawuti, amaika chitsulo chakale n'kulipiritsa mtengo wa chatsopano, kapena kumasula injini yonse pomwe vuto linali pulagi. Khalidwe limeneli ndi limene limachititsa akabaza kuopa galaja mpaka zinthu zitafika poipa. Kasitomala amuonetse chitsulo chimene chatha, amufotokozere chifukwa chake, ndipo njinga yopanda mabuleki isatuluke pagalaja makaniko ali chete. Ineyo ndinasiya kuchita manyazi pamenepa. Wina akabwera kudzakonzetsa hutala buleki ili yakufa, ndimamuuza kuti tiyambe ndi buleki.

Aboma nawo, apolisi apamsewu ndi a Road Traffic, akuchita bwino kufunsa za zipewa, laisensi ndi kalembera wa njinga. Koma pepala siliimitsa njinga. Pamene akuphunzitsa akabaza malamulo a pamsewu, awonjezerepo phunziro la kasamalidwe ka njinga, ndipo a TEVETA angathandize kusula amakaniko a njinga zamoto amene ambiri tinaphunzirira ntchitoyi pansi pa mtengo. Mabungwe a akabaza pamasiteji awo angathenso kugwirizana kuti njinga yopanda buleki yakutsogolo kapena nyali isanyamule munthu. Inu okwera, muli ndi ufulu woyang'ana tayala ndi kufinya buleki musanakhale pampando.

Mnyamata uja anabwera kudzatenga njinga yake Loweruka, abwana ake atalipira monyinyirika. Ndinamulembera ndi choko pakhoma la galaja nambala ya makilomita imene ayenera kudzabweranso, ndipo ndinamuuza kuti akaona abwana akuzengereza, awabweretse ndidzalankhule nawo ndekha. Wakutsina khutu ndi mnansi, akabaza anzanga. Mawa m'mawa musananyamule kasitomala woyamba, onani oilo, kankhani tcheni ndi chala, finyani mabuleki onse awiri.