Tisaope Kuyesa Zachilendo

Pali anthu ena amene akaŵeruka ku ntchito sakonda kungokhala manja lende. Munthu wotere akafika kunyumba amatsegula kompyuta yake n'kuyamba kupanga tsamba la pa intaneti, ngakhale palibe womulipira. Tsiku la msika amagulako chipatso kapena ndiwo zimene sanalaŵepo chibadwire. Anzake amamuseka, namati akutaya nthaŵi ndi ndalama. Ine ndiona kuti munthu wotereyu ngwoyenera kumutsanzira, ndipo ndifuna kukuuzani chifukwa chake.

Tiyambe taona mmene amagwirira ntchito yake. Tsamba la pa intaneti limalembedwa m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa HTML. Iye amalemba mizere ingapo, kenaka nayang'ana mmene tsambalo likuonekera. Akasintha mau amodzi, zilembo zakuda zimasanduka zofiira. Akaiŵala kachizindikiro kamodzi kokha, chithunzi chimasoŵa. Apatu sataya mtima. Amaŵerenga mzere ndi mzere mpaka apeze polakwika. Asanasinthe kanthu amayamba wasunga tsamba lakale, kuti zikavuta akhale ndi pobwerera. Kodi uku n'kutaya nthaŵi? Iyayi. Munthuyu akuphunzira kudekha ndi kulondoloza zinthu.

Amene anayambitsa masamba ameneŵa analinso munthu wokonda kuyesayesa. Dzina lake ndi Tim Berners-Lee, wa ku Britain. Ali pa sukulu ya ukachenjede ya Oxford, anadzipangira kompyuta pogwiritsa ntchito wailesi ya kanema yakale. M'chaka cha 1989, akugwira ntchito ku bungwe la CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva, anaganiza njira yolumikizira zolembedwa za m'makompyuta osiyanasiyana. Pofika 1991 anthu akunja kwa bungwelo anayamba kuona tsamba loyamba. Lero dziko lonse likupindula ndi chidwi cha munthu ameneyu.

Nanga zolaŵa zakudya zachilendo? Taganizani za nsima imene mudye madzulo ano. Kale makolo athu ankadalira mapira ndi maŵere. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika ku Africa pa zombo chitapita chaka cha 1500. Chinangwa ndi mtedza zinachokera ku South America. Choncho panali tsiku limene munthu wina analaŵa chimanga kwa nthaŵi yoyamba. Akanachikana chifukwa chakuti n'chachilendo, bwenzi nkhokwe zathu zilibe chimanga lero. Akuluakulu sananame pamene anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ena anganene kuti kuyesa zachilendo n'koopsa. Akunena zoona, pakuti safunsa anadya phula. Chinangwa choŵaŵa chili ndi poizoni, n'chifukwa chake amayi amayamba achiviika m'madzi masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole. Bowa wina wa m'tchire amapha. Pa intaneti napo pali anthu achinyengo, motero mwana sayenera kuuza munthu wosamudziŵa dzina lake kapena kumene amakhala. Koma kuopsa kumeneku sikutiuza kuti tileke kuyesa. Kukutiphunzitsa kuti tiyambe tafunsa makolo ndi aphunzitsi, ndiponso kuti tiyambe ndi pang'ono.

Mwina wina wa inu akuti, "Ife kwathu kulibe kompyuta." Chidwi sichilira kompyuta. M'chaka cha 2002 mnyamata wina wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba, anapanga makina opukusidwa ndi mphepo amene anayatsa magetsi kunyumba kwawo. Anagwiritsa ntchito njinga yakale, zitsulo zotola kudzala ndi buku lobwereka ku laibulale. Mwana amene amakonza galimoto yamawaya mpaka mateyala ake azungulire bwino ali panjira yomweyo.

Tsono ana inu, mukatha ntchito zapakhomo ndi zakusukulu, pezani kanthu kena koti muyese ndi manja anu. Mukakacheza kwa anzanu a chigawo china, musakwinye nkhope akakupatsani chakudya chimene simuchidziŵa. Funsani dzina lake ndi kaphikidwe kake, laŵani pang'ono, ndipo muthokoze. Dziko lathu lifuna anthu otere.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani wopanga tsamba amasunga lakale asanasinthe kanthu?
2. Kodi Tim Berners-Lee anachita chiyani m'chaka cha 1989?
3. Tchulani mbewu ziŵiri zimene zinachokera ku South America.
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "Safunsa anadya phula."
5. Lembani ziganizo zisanu za chakudya chachilendo chimene munalaŵapo.